Khobidi Limene Sindinalipukute

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Poyamba mundikhululukire kalembedwe. Mukudziwa nokha kuti sukulu ndinaisiyira m'kalasi yachinayi, ndiye mukaona zilembo zina zagona chammbali, kapena mawu ena ndawadula miyendo, muzingolumikiza nokha. Aka n'kachitatu kuyamba kalatayi, mapepala awiri ndang'amba.

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mawondo anga ndi omwe aja. Alamu anu ali bwino, apeza ntchito yokhoma mipando ya pasukulu ina, ndiye m'nyumba monse muli utuchi.

Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Pafoni mawu amandithawa, ndimayamba ndi kulira, inu n'kumati, "Tangonena, mayunitsi akutha." Nkhani iyi si yonena mothamanga. Ndikudziwa kuti mng'ono wathu Dona, uja munamupatsa dzinali nokha ali mwana chifukwa chokana kutsuka mbale, wakuimbirani kale. Wakuuzani kuti ndamubera khobidi lake lagolide. Sindinabe, Achimwene. Koma sindinganenenso kuti ndine woyera. Muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Mukukumbukira tsiku limene tinagawana katundu wa malemu bambo. Inu munatenga wotchi ndi bokosi la masipanala, n'kunena kuti kachitini ka fodya kaja n'ka atsikana. M'kachitinimo munali makobidi awiri agolide amene bambo anapatsidwa ndi abwana awo okalamba aja, atawayendetsa pa galimoto zaka makumi awiri. Lililonse linali m'kapepala kakekake. Bambo sankalola kuti tiwagwire, ine n'kumayesa kuti ndi kuumira kwa anthu achikulire. Munati, "Wamkulu ayambe kusankha." Ndinawatembenuza onse awiri. Anali ofanana ngati mapasa, mbali iyi mutu wa mfumu ya ndevu, mbali inayo chishango, onse ofiirira, akuda m'mphepete ngati mano a munthu wosuta. Ndinasankha limene linkaoneka loyererako pang'ono. Dona lake sanaliyang'ane n'komwe, anangoliponya m'chikwama uku akulankhula pafoni. Ndinaziona zimenezo, ndipo zinandiwawa, ngakhale sindinadziwe chifukwa chake.

Ntchito yanga mukuidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ku hotela ndikungopukuta: zogwirira zitseko, masipuni, mafoloko, mapoto a tiyi asiliva, ndi chitsulo cha m'mbali mwa masitepe kuyambira pansi mpaka nsanjika yachitatu. Akapitawo athu amauza antchito atsopano kuti, "Pamene padutsa mayi awa, ntchentche ikatera imaterereka." Ndi chinthu chimodzi chokhacho chimene anthu amandiyamikira nacho pa dziko lino. Ndiye munthu ngati ine ndikanasunga golide wakuda m'nyumba?

Lamlungu lina masana ndinakhala pakhonde ndi polishi wa zitsulo, mswachi wakale ndi kansalu kofewa. Ndinayamba ndi sopo, kenako soda, kenako polishi, maulendo atatu. M'ndevu za mfumu ndinalowamo ndi mswachi, m'zilembo ndi kamtengo ka machesi. Nditamaliza linkawala moti ndinkaona diso langa momwemo. Alamu anu anati, "Mayi, mfumuyi mwaimeta ndevu, akwawo sakaizindikiranso." Tinaseka mpaka misozi. Safunsa anadya phula, Achimwene.

Mwezi watha Dona anabwera pa galimoto yake kudzandisiyira zovala zimene ana ake asiya kuvala. Ndinamuonetsa dala khobidi langa. Ndivomere, ndinkafuna kuti kamodzi kokha aone chinthu changa chikuposa chake. Ndipo zinatheka. Anakuwa, "Ii, Achemwali! Ndi lomwe lija ili? Langa likungooneka ngati chitsekerero cha botolo. Mundipukutireko, chonde, manja anuwa ndi a mankhwala. Ndikufuna ndikalibooletse kwa osula ndolo, ndizilivala m'khosi pa tcheni. Kuntchito kwathu kukubwera phwando." M'mawa mwake anadzalisiya, lili m'kapepala ka bambo komwe kaja. Tsiku limenelo ndinayenda ngati andikweza pantchito.

Sindinalipukute msanga chifukwa polishi anali atandithera, komanso ku hotela kunali msonkhano wa masabata awiri, tinkaweruka miyendo itafa. Makobidi onse awiri ndinkayenda nawo m'kathumba komanga m'chiuno, poti mukundidziwa, ndikasiya chinthu m'nyumba ndimangoona akuba, moto, makoswe, tsiku lonse mtima uli m'mwamba.

Msonkhano utatha adokotala anandiuza kuti mawondo awa masitepe akuwamaliza. Ndinayamba kuganiza zotsegula kagolosale pakhomo, ndizigulitsa nditakhala pansi. Kuseri kwa positi ofesi, pakati pa wosoka nsapato ndi wojambula zithunzi, kuli kasitolo kogula zinthu zakale: mawotchi, masitampa, mamendulo a asilikali, ndalama zimene zinasiya kugwira ntchito. Mwini wake ndi bambo wachikulire woonda, anthu amangowatchula kuti a Kagalasi, chifukwa cha kagalasi kokulitsa zinthu kamene amapanira padiso. Sindinapite kukagulitsa. Ndinkangofuna kumva mtengo, kuti mtima ukhale ndi pogwira.

Ndinaika khobidi langa pa kauntala monyadira. A Kagalasi anayatsa nyale, n'kulinyamula m'mphepete ndi zala ziwiri ngati khala la moto. Analiika pa kasikelo, analiyeza kukula kwake ndi kachitsulo, n'kuti, "Golide ndi weniweni." Mtima wanga unati myaa. Kenako anapana kagalasi kaja padiso. Analiyang'anitsitsa, n'kuusa moyo ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro.

"Mayi, anakuchitani zimenezi ndani?"

"Ziti, bambo?"

"Analikwecha ndani khobidili?"

Ndinati, "Sanalikweche, analipukuta. Ndi mtsikana wantchito." Tamvani bodza limenelo. Ine mtsikana wantchito ndinamuonera kuti?

"Mtsikana ameneyo ali ndi manja amphamvu," anatero. "Taonani nokha."

Anandipatsa kagalasi. Achimwene, chimene ndi maso chinkaoneka ngati kalilole, pagalasipo chinali ngati bwalo losesedwa ndi tsache, timizere tokhatokha, topita uku ndi uku. Tsitsi la mfumu linali litafafanizika, ndevu zili see.

Anandifotokozera mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana. Akuti khobidi lotere lili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wa golide, umene sikelo imanena, ndipo umenewo suchoka ngakhale mutaliphwanya ndi hamala. Wachiwiri ndi wa anthu olemera amene amasonkhanitsa ndalama zakale. Iwowo amayang'ana chaka, amayang'ana kachilembo kakang'ono kali pansi pa khosi la mfumu kamene kamanena kumene linasulidwa, ndiyeno amayang'ana chimene iwo anachitcha khungu. Akuti khobidi limatuluka kosulidwa lili ndi khungu lake, ndipo likachoka silimeranso. "Kuda kumene anachotsa mtsikana wanuyo," anatero, "ndi kumene anthu amenewa amalipira."

Ndinafunsa ngati tingalidetsenso. Ndinati mwina ndikalikwirire m'dothi mwezi umodzi, kapena ndikalipachike pa utsi. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. "Mayi, dzira likasweka, ngakhale mulimate bwanji, nkhuku singalifungatire."

Analemba mtengo pa kapepala. Unali ngati malipiro anga a miyezi isanu. Si ndalama zochepa. Akanangosiyira pomwepo, ndikanatuluka ndikuvina mumsewu. Koma anawonjezera kuti, "Chondiwawa n'choti chaka ichi ndi kachilembo aka n'zosowa, anasula ochepa kwambiri. Zaka makumi atatu ndili pa kauntala pano, ndaonapo limodzi lokha. Likanakhala ndi khungu lake..." Sanamalize, anangopukusa mutu.

Ndikanangotuluka. Koma dzanja linapita lokha m'chiuno, n'kutulutsa la Dona.

Atangofunyulula kapepala, bambo aja anasintha. Anakatseka chitseko cha sitolo. Anavala magolovesi oyera, n'kuyala kansalu kobiriwira pa kauntala. Kenako anakoka mpando, "Khalani pansi, mayi." Mpando umenewo unalipo nthawi yonse ija ankaona langa, koma sanandipatse.

"Ili mtsikana uja sanalione?"

"Sanalione."

"Mulungu alemekezeke. Musalipumire ngakhale mpweya."

Anatsegula chibuku chachikulu cha zithunzi za makobidi, akuyang'ana m'buku, akuyang'ana pagalasi, akutembenuza, akudziyankhulira. Chaka chomwecho, kachilembo komweko. Anati iwowo sangaligule, alibe ndalama zake. Akuti lotere amalitumiza kaye kwa akatswiri amene amaliyesa n'kulitsekera m'kabokosi koonekera, kenako limakagulitsidwa kumene ogula amapikisana mitengo, ndipo zimatenga miyezi. "Sindingalumbire," anatero, "msika uli ndi mutu wake." Analemba manambala awiri, yaing'ono ndi yaikulu. Ndinawerenga maziro katatu ndi chala. Yaing'onoyo ndi malipiro anga a zaka zisanu ndi chimodzi. Yaikuluyo sindinaiwerengere, ndinaopa kugwa pampando. Sindinawauze kuti khobidilo si langa. Anandiperekeza mpaka pakhomo, akunditchula kuti amayi olemekezeka.

Basi sindinakwere, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndi mawondo omwewa, osamva kuwawa. Chimene chinkandiwawa chinali china. Ndinene zimene sindinakuuzenipo. Chaka chimene amayi anagona m'chipatala miyezi isanu ndi iwiri, inu munali ku sekondale yogonera konko, Dona anali ndi zaka ziwiri. Anasiya sukulu ndani? Ine, amene ndinkakhala nambala wachitatu m'kalasi. Anati ndidzabwerera amayi akachira. Amayi anachira, koma za ine palibe anakumbukira. Dona ndinamubereka mpaka msana kupindika. Atayamba sukulu, yunifolomu ndinkachapa ndi kusita ine, nsapato ndinkapolisha ine, aphunzitsi n'kumamuimika kutsogolo kuti anzake aone mwana waukhondo. Lero ali mu ofesi, mwamuna wabwino, nyumba ya mpanda, ana olankhula Chingerezi. Sindinadandaule, kapena ndinene kuti ndinkadandaulira m'mimba. Koma izi zokha zandikulira. Makobidi anali ofanana. Ndinasankha ndine, woyamba. Iye amene chibadwire sanagwirepo nsanza, ulesi wake womwewo wamulemeretsa. Ine khama langa ndi limene landidyera. Kodi Mulungu amawerengera bwanji, Achimwene? Inu munaphunzira, tandiuzani.

Ndili m'njira momwemo maganizo ena anandilowa, ndipo sindinawathamangitse. Anandipempha yekha kuti ndimupukutire. Ndani akanandiimba mlandu? Ndikanalipukuta bwinobwino monga ndimachitira, iye n'kundithokoza, mwina n'kundigulira shuga, n'kukalivala kuphwando kwake akumwetulira. Sakanadziwa chimene wataya, ndiye sichikanamuwawa. Tonse tikanakhala a miyezi isanu isanu. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ine ndi Dona tikanafanana.

Loweruka ndinakagula polishi watsopano, ndi ndalama zanga. Ndalemba zimenezi kuti musaganize kuti anali maganizo ongodutsa. Lamlungu titabwera kutchalitchi, alamu anu atapita kukaona matabwa, ndinayala nyuzipepala patebulo. Ndinatulutsa khobidi la Dona, ndinatsegula polishi, ndinanyowetsa nsanza. Ndinakhala choncho, nsanza kudzanja lamanja, khobidi kumanzere, mpaka polishi anauma pa nsanzapo. Ndinanyowetsanso. Anaumanso.

Musandiyese wabwino. Chinandigwira dzanja poyamba si chikondi ayi, ndi mantha. Ndinayamba kuona Dona tsiku lina akulowa m'sitolo ya a Kagalasi kukakonzetsa wotchi, khobidi lili m'khosi, bambo aja n'kulizindikira, n'kunena kuti, "Komatu mayi amene anabwera nalo ndinawauza." Ndinaona inu mukumva, alamu anga akumva, ana anga akumva. China n'chakuti zaka zonsezi sindinawonongepo chinthu cha munthu mwadala. Langa ndinaliwononga ndikuyesa ndikukonza. Ili ndikanaliwononga ndikuona. Manja ankakana ngati a munthu wina.

Alamu anu analowa n'kundipeza choncho. Anati, "Mwayambanso kumeta mafumu? Mutsegule saluni basi." Ndinawakalipira mpaka anatuluka osamwa tiyi. Mpaka lero sakudziwa chimene analakwa.

Lachiwiri lapitali nditangoweruka, Dona anafika. Anali ndi chitini chachikulu cha polishi, chodula chija. Anakhala pampando wanga wothyoka mwendo uja, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Achemwali, masabata anayi! Mfumu yanga simunaisambitsebe? Ndakugulirani polishi uyu, wotsalayo mukhala naye. Koma ngati mwatanganidwa musavutike, ndipatseni, mtsikana wanga wantchito akapukuta mawa. Loweruka ndikukabooletsa."

Mukuona, Achimwene? Sindinkafunikanso kuchita chilichonse. Kungomupatsa khobidi lake ndi polishi wake, n'kumuperekeza ku galimoto. Akanawononga ndi anthu ena, manja anga ali oyera. Ngakhale a Kagalasi sakanandiloza chala. Ndinadzuka, ndinalowa kuchipinda, ndinamasula kathumba, ndinatulutsa khobidi. Ndinafika nalo mpaka pachitseko cha pabalaza. Ndinamuona akusuzumira pafoni, khosi lake losalala lija, ndipo ndinabwerera n'kukaliika pansi pa pilo.

Ndinati, "Sindikupatsa."

"Mwati bwanji?"

"Ndati lero sindikupatsa."

"Chifukwa?"

Mawu ndinali nawo. Kungoti, khobidi lako ndi la ndalama zambiri, usalikhudze, langa ndinaliwononga ndekha. Mwana wa kalasi yoyamba akhoza kunena zimenezo. Koma kuti ndimuuze ine, ndi pakamwa panga, m'nyumba yanga yodontha, kuti walemeranso? Kuti aone kuti chinthu chokhacho chimene amandisirira nacho ndi chimene chandipusitsa? Chimene chinatuluka n'chakuti, "Zonse uzingolandira iwe? Dikirako nawe kamodzi."

Anaika foni pansi. "Mwagulitsa eti? Nenani zoona, Achemwali. Ngati munali ndi vuto mukanandiuza, ndikanakupatsani."

Mawu amenewo, ndikanakupatsani, ndi amene anandiyatsa. Ndinakhuthula zonse, za sukulu, za msana, za nsapato, za zovala zotha zimene amanditayira ngati ndine dzala lake. Ndinakweza mawu moti amayi oyandikana nafe anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Dona anayamba kulira, koma polira iye sasiya kulankhula, mukumudziwa.

"Ndinali ndi zaka ziwiri, Achemwali! Munkafuna nditani, ndikane kuberekedwa? Ndikakupatsani kanthu mumalandira ngati ndakutukwanani. Ndikapanda kukupatsani mumati ndine wodzikonda. Ndiyende bwanji kuti musangalale, chokwawa? Khobidi limenelo ndi chinthu chokhacho chimene ndili nacho cha bambo. Nsanje idzakuphani."

Dona sananame. Anatenga chikwama, polishi anamusiya patebulo pomwepo. Ali pakhomo anati akuimbirani inu, ndipo Loweruka abwera ndi amuna ake, ndikapanda kutulutsa khobidi tikaonana kupolisi.

Dzulo pa nthawi ya chakudya cha masana ndinapempha akapitawo, n'kupitanso kwa a Kagalasi. Anathamangira mpando. Ndinati, "Usiyeni mpandowo, bambo, si wanga." Ndinawauza zoona nditaimirira, kuti khobidi labwinolo ndi la mng'ono wanga, ndiponso kuti mtsikana wantchito kulibe, ndi ine ndemwe.

Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwe lija, mayi. Ndinaona polishi m'zikhadabo zanu. Koma musadzione ngati chitsiru. Pa anthu khumi olowa muno, asanu ndi awiri amayamba atsuka. Kungoti inu munatsuka mwaluso."

Ndinawapempha kuti alisunge m'bokosi lawo lachitsulo lokhoma, m'dzina la Dona. Analijambula mbali zonse ziwiri, analemba chaka, kulemera kwake ndi dzina la Dona pa lisiti, n'kudinda. Akuti palibe angalitenge kupatula mwini dzinalo atabwera ndi chiphaso chake, ngakhale ineyo. Ndinati ndi zimene ndikufuna, makamaka ineyo.

Tsopano ndayamba kuda nkhawa zina. Nanga bambo aja akamwalira mawa, poti ndi achikulire ndipo amatsokomola? Nanga sitolo ikapsa, popeza wosoka nsapato woyandikana nayo amasungunula guluu pa moto? Nanga akalisinthanitsa ndi lina? Lisiti ndalikulunga m'pulasitiki, lero lokha ndaliyang'ana kasanu. Komabe kuli bwino kumeneko kusiyana ndi pansi pa pilo wanga. Ine ndikudzidziwa tsopano.

Kalatayi ikupezani Loweruka litadutsa kale, ndiye sindikupempha kuti mundilankhulire. Ndangofuna kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa zonse, ndi za Lamlungu zomwe, chifukwa za nsanza ija Dona sindidzamuuza, ndipo inunso chonde zithere m'maso mwanu. Mukawerenga muwotche, alamu anga asaone. Ngati mwandikwiyira, mundilembere, musandiimbire.

Pempho lina ndi ili. Ndikukudziwani, mukamva za mtengowo mudzafuna kukonza zinthu monga wamkulu, mudzamuuza Dona kuti, "Ugawireko mkulu wako, anakulera." Musatero, Achimwene. Ndalama zobwera choncho zidzandiwotcha m'manja, ndipo sindidzathanso kumuyang'ana. Musamuuze kuti andigawire. Koma akaganiza yekha, musamuletse.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti juzi imene ananditumizira ikundithandiza m'mawa popita kuntchito. Moni kwa ana onse. Wamkuluyo ndamva kuti akulemba mayeso chaka chino, mumuuze kuti azakhali ake akumupempherera. Wamkaziyo, zivute zitani m'nyumbamo, kaya wina adwale, musadzamutulutse sukulu kuti alere anzake. Alamu anu akupereka moni, akuti masipanala a bambo muziwapaka mafuta. Ana kuno akuti amalume abwera liti. Dona mukamalankhula naye musamukalipire za kupolisi zija, ananena ndi mkwiyo, ndipo ndinamuputa ndine.

Pamene ndikutseka kalatayi zinthu zili chonchi. Dona akuganizabe kuti mkulu wake ndi wakuba. Za mtengo wa khobidi lake sakudziwa. Alamu anu sindinawauze kalikonse. Langa sindinagulitse, ndipo sindikudziwa ngati ndigulitse. Loweruka ndi mkuja, mawu oyambira sindinawapeze, ndipo nsanje ija sinachoke.

Ndine mlongo wanu wokukondani.